Duwa Lopanda Bambo la ku Brakputs

Pulani inabadwa Loweruka masana kuseri kwa golosale ya Anti Lys, pamthunzi wa mtengo umodzi wokha umene tili nawo ku Brakputs. Pakati panali chigubu cha vinyo wotsekemera, uja amakoma polowa n'kudzakuukira mawa lake. Kuno ku Namakwalandi nzeru zambiri zimabadwira pamthunzi umenewo, ndipo zambiri zimakafera kukhoti ku Springbok.

Mwini pulani anali Doempie Basson, yemwe timamutcha Loya chifukwa walowa m'khoti kambiri kuposa woweruza. Wachiwiri anali Mabuleki, amene anapatsidwa dzina la chinthu chimene kapikapu kake kalibe. Wachitatu anali Jafta Diergaardt, kapena kuti Dikoni. Udikoni weniweni analibe, kungoti chikwatireni Dorina anasiya kuba mbuzi n'kuyamba kunyamula mabenchi kutchalitchi.

Sikuti anasiya mwa kufuna kwake. Tsiku limene anatuluka m'ndende komaliza, Dorina anamuikira khofi patebulo n'kumuuza mawu osabwereza: "Jafta, dzina lako likadzatchulidwanso m'khoti, ndidzatenga bambo anga ndi mbuzi zawo, udzatsala ndi makoma." Jafta ankamukonda mkaziyo zenizeni, ndipo ankamuopanso zenizeni. Koma nthawi imeneyi Dorina anali ku Port Nolloth, kuganyu ya kufakitale ya nsomba, atamusiyira mwamuna wake nyumba ndi apongozi ake okalamba, a Oupa Moos.

"Mbuzi n'zachikale, amwene," anatero Loya akuthira vinyo. "Mbuzi imalira, imanyera m'galimoto, mwini wake amaidziwa nkhope. Ine ndikukamba za katundu wosalira."

"Katundu wanji?" anafunsa Mabuleki.

"Timiphika ta Dokotala."

Dokotala Hanekom anali mayi wophunzira za zomera amene ankakhala m'nyumba yakale ya mishoni kumunsi kwa mudzi. Kuseri kwake anali ndi shedi ya neti yodzaza ndi tizomera tija tonenepa, topanda tsamba, tooneka ngati zala zobiriwira zotuluka m'miyala. Ife timangotiponda popita kuchimbudzi. Iwo ankatigwadira, kutijambula ndi kutiyankhula.

Loya anali atawakumbirako ngalande ya paipi, ndiye ankadziona ngati nayenso wadutsa ku yunivesite. "Tamverani," anatero. "Zomera zili ndi mafuko ngati ife. Izi amati banja la Stapelia, izo banja la Orbea, ndi mabanja ena a maina othyola lilime. Tsono muja muli kamodzi kamene sikadziwika bambo ake. Anthu a sukulu akhala akukanganirana, awa akuti n'kakwathu, awo akuti n'kakwathu. Dokotala akhala akukadikira zaka kuti katulutse duwa, chifukwa duwa ndiye nkhope. Popanda duwa zonse zimangofanana ngati ana a m'mudzi muno."

"Kamwana ka kutchire," anatero Mabuleki.

"Eya. Ndipo kuli biggy wina ku Cape Town akukafuna kasanapatsidwe dzina. Akulu amenewo ndalama sawerenga, amangopima ndi dzanja."

Jafta anapukusa mutu. "Ine ayi, aise. Ndinalumbira."

"Unalumbira za mbuzi," anatero Loya. "Kodi Dorina anatchulapo udzu? Kuzula udzu si kuba, Dikoni, ndi kupalira. Iwe ntchito yako n'kutisungira chabe. Akamabwera madamu apeza firiji yatsopano ikulira m'khitchini, ndiye udzandiuze ngati adzafunse kumene yachokera."

Jafta anaiona firijiyo m'maganizo, yoyera, Dorina akuisisita chitseko. Anatambasula kapu yake kuti amuthirenso.

Wakuba wa kwina amadikira mdima. Wa ku Brakputs amadikira Lamulungu masana. Tikadya nyama ya mbuzi, mpunga wachikasu ndi maungu a shuga, mudzi wonse umagona ngati waombedwa ndi chibonga, agalu ndi apolisi omwe. Munthu akhoza kusasula denga la tchalitchi, anthu adzadabwa Lolemba.

Poyamba panafunika chipinda chosungiramo timiphika. Cha a Oupa Moos chinali kuseri, cha malata, ndipo padenga panali lata limodzi la pulasitiki lolowetsa kuwala. Jafta anawanyengerera kuti akapume mphepo kumakola a kuphiri kumene kunali mbuzi zawo. Sanavute, chifukwa madalawo ankakonda mbuzi kuposa mkamwini.

"Unditumizire fodya wanga," anatero akukwera kapikapu. "Ukaiwala ndidzabwera ndekha."

"Sindingaiwale, Oupa."

Mabuleki anakawatula kuphiri mudzi uli mtulo, ndipo palibe anawaona akuchoka.

Lamulungu lotsatira ndiye linali tsiku la ntchito. Loya analamula kuti injini isalizidwe, poti imatsokomola mpaka kumveka kutauni ya Steinkopf. Anaganiza zokankha. Msewu wopita kumishoni ndi wotsetsereka, ndipo kapikapu katangomva kutsetsereka kanawasiya Loya ndi Jafta akukankha mphepo. Mabuleki anapopa buleki mwa mwambo chabe. Kanakaima kokha katagwetsa mpanda wa Dokotala, mphuno ili m'shedi. Chitsulo chimene Loya ananola sabata yonse kuti athyolere loko sichinagwire ntchito.

"Mwaona?" anatero Loya atafika ali wefuwefu. "Ndimomwe ndinakonzera."

Dokotala anali atapita kutchire ndi kamera yawo. Atatuwo anaima pakati pa mashelufu akuyang'ana zala zobiriwira mbali zonse.

"Ndiye kopanda bamboko ndi kati?" anafunsa Jafta.

Loya anakanda m'mutu. "Tengani shelufu yonse ya pakonayi. Kali momwemo."

Analonga timiphika mpaka kapikapu kudzaza. Mumphika uliwonse munali kachikwangwani ka pulasitiki kolembedwa ndi pensulo. Apa ndi pamene ukatswiri wawo unawapweteka. Munthu amene wakulira kuba mbuzi amadziwa lamulo loyamba: chotsa chizindikiro cha pakhutu usanachite china chilichonse. Manja awo anagwira ntchitoyo okha, mutu usanafunsidwe. Anazula tizikwangwani tonse, ndipo Mabuleki anakatiponya m'chimbudzi cha mishoni n'kubwerako akudzisasa m'manja monyadira.

Zimene Loya sanakonze n'zakuti msewu wotsetsereka popita umakhala chitunda pobwerera. Jafta anakankha kapikapu kodzaza miphika atavala nsapato za kutchalitchi, dzuwa likumuwotcha pakhosi, akupempha Mulungu kuti anthu asadzuke. Sanaone chachilendo kupempha Mulungu zimenezo.

Madzulo ake Loya anaimbira biggy wa ku Cape Town, foni ataiika poti onse amve.

"Katundu watuluka, bwana. Woyera, wopanda chizindikiro chilichonse."

"Wopanda chiyani?" anafunsa mawu a pafoniyo.

"Tachotsa zonse, bwana. Ife si ana pantchitoyi."

 Kenako mawu aja anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi munthu wodwala, kuti kachikwangwani ndi kamene kamanena kuti chomera ndi cha banja liti ndipo chinatengedwa phiri liti, ndipo popanda iko agwira udzu wamba. "Njira yatsala imodzi. Zisungeni mpaka zichite maluwa, munditumizire zithunzi. Ndikakaona ndikadziwa. Musanatero musandiimbirenso."

Mabuleki anayang'ana kumene kunali chimbudzi cha mishoni. Loya anati asayerekeze n'komwe.

Motero Jafta anasanduka mlezi wa timiphika. Ankatithirira madzi otsukira mbale, Mabuleki n'kumabweretsa manyowa a mbuzi kuti tifulumire. Chipinda cha malata chinkatentha ngati uvuni, ndipo tizomerato, timene kwa Dokotala tinkapatsidwa madzi ndi supuni, tinaona ngati tafika kumwamba. Tinayamba kutupa timatumba m'mbali.

Vuto linali Anti Lys. Golosale yawo inali moyang'anizana ndi nyumba ya Jafta, ndipo m'mawa uliwonse ankazolowera kuwapatsira a Oupa Moos buledi wowotcha pamakala. Anabwera ndi kambale kawo, Jafta n'kuwatsekera pakhomo.

"Akudwala, Anti. Chifuwa chopatsirana. Anesi akuti asalowe munthu."

"Nanga bwanji sindikumva kutsokomola?"

"N'chifuwa chamkati, Anti."

Anti Lys anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kumupatsa mbale. Bulediyo Jafta ankadya yekha tsiku ndi tsiku, ndipo anayamba kunenepa. Tsiku la penshoni litafika anatenga khadi la a Oupa n'kukatapa ndalama pamakina a m'golosale momwemo, kuti akawagulire fodya. Anakumana ndi Loya panjira, ndipo za fodya zinathera pamthunzi paja.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma la Jafta linanunkha. Kutacha tsiku lina anadzuka ndi mutu wolemera, akuganiza kuti pansi pa bedi pafera khoswe. Atatsegula chipinda cha a Oupa anabwerera chambuyo mpaka kukagunda khoma. Maluwa anali atamasula, ena aakulu ngati chikhatho, ofiira modera ngati chiwindi, aubweya, ena amathothomathotho ngati chule. Anali okongola ndithu, koma ankanunkha ngati bulu amene anafa sabata yatha.

Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti maluwa amenewa saitana njuchi, amaitana ntchentche, ndipo amaziitana ndi fungo la nyama yowola. Jafta ankadziwa, Loya ankadziwa. Kungoti tonse timalimva kutchire, duwa limodzi, mphepo ikugawira aliyense pang'onopang'ono. Palibe anaganizapo kuti shelufu yonse itsekeredwe m'chipinda cha malata mwezi wa Malichi.

Anathamanga kukaitana anzake. Loya analowa atamanga malaya kumphuno n'kuyamba kujambula ndi foni, misozi ikutuluka. "Limeneli ndi fungo la dola, amwene. Pirira mpaka mawa, biggy ayankha."

"Tikazitaye," anatero Jafta.

"Masana ano, Lachitatu, anthu ali maso? Tidikire Lamulungu."

Anatseka mipata ya chitseko ndi masaka. Fungo linatulukira kudenga. Pofika masana ntchentche zobiriwira, zija zikuluzikulu, zinali zitaphimba zenera la a Oupa mpaka galasi losaoneka, ndipo agalu a m'mudzi anakhala pamzere kunja kwa mpanda ngati akudikira sikono.

Anti Lys anaima pakhomo la golosale, mphuno m'mwamba. Anaphatikiza zimene anaona: madala osaoneka masabata, chifuwa chosamveka, mkamwini wonenepa, penshoni yotapidwa ndi munthu wina, ndi ntchentche. Kuno nkhani yotero sitiifunsa kawiri. Anatseka golosale, anaimbira Dorina ku Port Nolloth, anaimbira Sajeni Witbooi, kenako anauza mayi mmodzi yekha wa kutchalitchi, komwe ndi kuuza mudzi wonse.

Kutacha Jafta anadzutsidwa ndi nyimbo. Atasuzumira pazenera anaona azimayi a mpingo atavala zakuda, atakhala pa mabenchi omwe aja iye amanyamula, mipango ili kumphuno, akuimba ya paulendo wa ku Yorodano. Kumbali amuna anali atapha kale mbuzi, ndipo miphika ya khofi inali pamoto. Ife pamaliro sitidikira kuitanidwa, ndipo nthawi zina sitidikira ngakhale mtembo.

Loya ndi Mabuleki anali atabwera m'mamawa kudzajambula maluwa ena, ndiye anatsekeredwa momwemo.

"Osatekeseka," ananong'ona Loya. "Popanda chikalata cha khoti sangalowe. Lamulo ndimalidziwa."

Nthawi yomweyo minibasi ya ku Port Nolloth inaima pamsewu. Dorina anatsika nsapato zili m'manja, maso atatupa, akulira mokuwa bambo ake. Azimayi anamugwira. Jafta anali asanamuonepo mkazi wake akulira chotero. Kumbuyo kwake kunabwera galimoto ya polisi, ndipo Sajeni Witbooi sanafunse za chikalata chilichonse. Anagogoda ndi nsapato.

Jafta anatsegula.

"Diergaardt," anatero Sajeni, mpango uli pakamwa, "madala ali kuti?"

"Ali kuphiri, bwana, kumbuzi."

"Dzana amadwala chifuwa m'chipindamo," anatero Anti Lys kumbuyo. "Lero ali kuphiri. Wawapha ameneyu, amadya penshoni yawo."

Dorina anafika pafupi n'kumuyang'ana m'maso. Sanakuwe. "Jafta, bambo anga wawatani?"

Mapanga awiri avumbwitsa, koma Jafta analibe ngakhale limodzi. Akakhala chete ndi wakupha, akayankhula ndi wakuba, ndipo zonse ziwiri zimathera m'khoti ndi dzina lake likuwerengedwa mokweza. Loya ankamutsina kumsana kuti atseke pakamwa. Jafta anayang'ana nkhope ya Dorina n'kuona kuti sangamusiye akhulupirire zimenezo ngakhale kamphindi kena.

"Ndine wakuba, Dorina," anatero. "Wakuba chabe. Anthuni, ndine wakuba, sindinaphe munthu. Ndinaba maluwa."

Sanamvekepo munthu akuvomera mlandu mokondwa chotero. Anatsogolera Sajeni kuchipinda, anachotsa masaka n'kukankha chitseko. Ntchentche zinatuluka ngati utsi. Azimayi a kutsogolo anathawa ndi mabenchi awo, ndipo nyimbo inathera pakati pa vesi. Pabedi la a Oupa, pansi, pawindo, ponseponse panali timiphika, maluwa ali yasa.

Nthawi yomweyo kunamveka mabelu a abulu. Ngolo yobwereka inalowa pabwalo, pamwamba pali a Oupa Moos, chipewa chili pamphumi, nkhope ili gwa. Anayang'ana zovala zakuda, mbuzi yosendedwa ndi miphika.

"Wamwalira ndani?"

"Inuyo, Oupa," anatero Mabuleki.

"Ndikanamwalira ndithu, ndi chibaba. Jafta, fodya wanga ali kuti?" Kenako anayang'anitsitsa chikopa chimene chinali pampanda. "Ndipo mbuzi imeneyo ndi ya ndani?"

Inali yawo, imene anaisiya pakhomo chifukwa inali yotsimphina. Dorina anawakumbatira mpaka chipewa kugwa, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Jafta anaona ngati mwina zinthu zikhoza kukhala bwino, koma mkaziyo sanatembenukire kwa iye.

Dokotala Hanekom anafika ataitanidwa ndi Sajeni kuti adzazindikire katundu wawo. Analowa m'chipinda muja osatseka mphuno, n'kukoka mpweya ngati munthu wolowa m'bekale. Anagwada n'kumayang'ana mphika umodziumodzi ndi kagalasi kawo, mpaka anafika pa kamphika kena kong'aluka pakamwa. Kameneko anakadziwa ngakhale kopanda chikwangwani. Kanali ndi duwa limodzi lamathothomathotho.

Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pansi n'kuyamba kuseka, kuseka kwa munthu amene watsala pang'ono kulira.

"Ndi kameneko, Dokotala?" anafunsa Loya, unyolo uli kale m'manja. "Kopanda bambo kaja?"

"Bambo ake apezeka," anatero Dokotala. "Ndi Orbea wamba. Kanangokula mopinimbira chifukwa ndinakatola pamwala wouma, n'chifukwa chake kankaoneka kachilendo. Zaka zonsezi ndimadikira mlendo, osadziwa kuti ndi mwana wa pakhomo." Analoza pawindo. "Abale ake ndi awo amera kuseri kwa chimbudzi chanucho, bambo Diergaardt. Mukanangozula pamenepo, bwenzi palibe mlandu wothyola mpanda wanga."

Jafta anasuzumira. Tinalipodi, tizala tobiriwira tija timene ankatiponda m'mawa uliwonse.

Anthu sanabalalike, chifukwa mbuzi inali itapsa ndipo kuno chakudya cha maliro sichibwezedwa. A Oupa Moos anakhala pampando wa kutsogolo n'kudya chiwindi cha maliro awo omwe, akudandaula kuti mchere wachepa. Sajeni analamula kuti timiphika tonse tipite ku Springbok ngati umboni, ndipo poti kutsogolo kwa galimoto iye sankatifuna, anatilonga kumbuyo pamodzi ndi eni mlandu.

Asanatseke chitseko, Dorina anatuluka m'nyumba atanyamula jekete la Jafta la kutchalitchi, lopindidwa bwino. Anamuika pamiyendo.

"Dorina, ndimafuna ndikugulire firiji," anatero Jafta.

"Ndalira bambo anga kuchokera ku Port Nolloth mpaka pano, Jafta. Msewu wonse uja." Anamukonza kolala ya malaya monga ankachitira Lamulungu lililonse. "Ukavale jeketeli akamakatchula dzina lako, ukaoneke ngati munthu. Ine sindikakhalako."

Chitseko chinatsekedwa. Galimoto inanyamuka dzuwa lili paliwombo, ntchentche zikuitsatira pambuyo ngati operekeza mkwatibwi. Mabuleki anayamba kusanza asanatuluke m'mudzi. Loya, mphuno ataikanikiza pakabowo ka waya, anali atayamba kale kufotokoza kuti pulani inali yabwino, chinalakwika ndi mwezi.

Jafta anasuzumira kunja. Pa kawindo ka kumbuyo ankaona Dorina akukweza matiresi a bambo ake pangolo ya abulu, kenako mapoto, kenako wailesi.

"Dikoni, iwe fungoli sukulimva?" anafunsa Mabuleki akupukuta pakamwa.

Sankalimva. Mphuno zake zinali zitatsekeka ndi kulira.